Makirediti Angati Adzaloledwa? Kuchoka ku Koleji Kupita ku Yunivesite ku America

Amayi ndi abambo, tsopano mumatha kuŵerenga kalata nokha. Mumathanso kuphatikiza ndi kuchotsera. M'phunziro lino tigwiritsa ntchito zonsezi. Khalani ndi kope ndi pensulo pafupi, chifukwa muli masamu pang'ono.

Nkhani yathu ndi ya sukulu za ku America, dziko lija limene dzina lake lonse ndi United States of America. Ena mwa inu muli ndi ana, adzukulu kapena alamu kumeneko. Mwina mudamvapo wina akunena pa foni kuti, "Ndili pa community college, chaka chamaŵa ndisamukira ku yunivesite." Patapita nthaŵi yemweyo nkumadandaula kuti, "Makirediti anga ena aŵakana." Kodi makirediti nchiyani? Nanga amakana ndani, ndipo chifukwa chiyani?

Koleji ya zaka ziŵiri

Tiyambe ndi dzinalo. Kuno kwathu, kuyambira chaka cha 2015, boma lakhala likutsegula makoleji m'maboma amene anthu amaŵatchulanso kuti community college. Kumeneko achinyamata amaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba, kuwotcherera zitsulo ndi kusoka. Dzina ndi lofanana, koma musasokoneze. Ku America makoleji a dzina limeneli amaphunzitsanso ntchito za manja, inde. Koma ali ndi ntchito ina yaikulu. Amaphunzitsa zaka ziŵiri zoyamba za digiri.

Digiri yoyamba ya ku yunivesite kumeneko imatenga zaka zinayi. Munthu akhoza kuphunzira zaka zinayi zonsezo pa yunivesite. Akhozanso kuphunzira ziŵiri pa koleji ya pafupi ndi kwao, ziŵiri zotsalazo nkukamaliza ku yunivesite. Koleji yakale kwambiri ya boma ya mtundu umenewu ndi Joliet Junior College, m'chigawo cha Illinois. Idayamba m'chaka cha 1901 ndi ophunzira 6 okha. Mmodzi mwa amene adayambitsa ganizoli adali William Rainey Harper, mkulu wa University of Chicago.

Anthu amadzera njira imeneyi chifukwa cha fizi. M'chaka cha sukulu cha 2024 mpaka 2025, fizi ya pa koleji ya boma ya zaka ziŵiri inali pafupifupi madola 4,050 pa chaka kwa mwana wa m'dera lomwelo. Pa yunivesite ya boma inali pafupifupi madola 11,610. Taonani kusiyana kwake. Ndiponso wophunzira amagona kwao, ndipo ambiri amagwirako ntchito masana kapena usiku. Muli anyamata ndi atsikana, komanso muli amayi ndi abambo a msinkhu wanu.

Kirediti nchiyani?

Pa Chingerezi amalemba credit. Musaganize za ngongole ya ku golosale, iyayi. Kirediti ndi muyeso wa kuphunzira, monga kilogalamu ili muyeso wa chimanga. Ku California amati unit, mau omwe aja timanena pogula mayunitsi a foni.

Chaka cha sukulu chimagaŵidwa paŵiri. Gawo lililonse limatchedwa semesita, ndipo limakhala la masabata pafupifupi 15. Wophunzira akamakhala m'kalasi ola limodzi sabata iliyonse kwa semesita yonse, nakhoza mayeso, amapeza kirediti imodzi. Maphunziro ambiri ndi a maola atatu pa sabata. Choncho phunziro limodzi, monga la Chingerezi kapena la masamu, limapereka makirediti 3.

Tiyeni tiŵerengere limodzi. Maphunziro 5 pa semesita, lililonse makirediti 3, ndiye kuti makirediti 15. Pa chaka ndi 30. Pa zaka ziŵiri ndi 60. Pa zaka zinayi ndi 120. Manambala aŵiri aŵa muŵasunge: 60 ndiwo satifiketi ya pa koleji, yotchedwa associate degree, ndipo 120 ndiwo digiri ya ku yunivesite. Madigiri ena, monga a uinjiniya, amafuna ochulukirapo pang'ono.

Sukulu zina zimagaŵa chaka m'zigawo zazifupi zotchedwa quarter. Makirediti a kumeneko ndi aang'ono. Atatu a quarter amafanana ndi aŵiri a semesita. Wokhala ndi 90 a quarter ali ndi 60 a semesita. Mwana wanu akakuuzani nambala, mufunseni kuti ndi ya muyeso uti. Chitini ndi ndoŵa sizifanana.

Pali malire

Mwana wa ku pulaimale akatenga kalata ya thiransifa, amakaloŵa kalasi yomweyo pa sukulu yatsopano. Wa Sitandade 5 amakakhala mu Sitandade 5. Ku yunivesite ya ku America sizitero. Wophunzira amatumiza chipepala cha maphunziro ake onse, chotchedwa transcript. Ayunivesite amachiŵerenga mzere ndi mzere. Iwowo ndiwo amagamula zimene alandire. Koleji imene mwana akuchokera ilibe mau pamenepo, pokhapokha pakhale lamulo kapena pangano.

Ndipo ngakhale maphunziro onse akhale abwino, pali nambala imene sapitirira. Ku California, mayunivesite a boma, ndiwo University of California ndi California State University, amaŵerengera makirediti a pa koleji osapitirira 70. Ku Texas lamulo limati yunivesite ya boma siikakamizidwa kulandira oposa 66. Kwina malire ndi 60, kwina 64. Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo lamulo limodzi la dziko lonse pa nkhani imeneyi palibe. Mayunivesite amene si a boma amaika malire aoao.

Nanga malireŵa ngachiyani? Ganizani za kumanga nyumba. Poyamba pamafunika miyala ya maziko ndi njerwa za khoma. Khoma likafika pamwamba, pamafunika mitengo ya denga ndi malata. Munthu akhoza kuumba njerwa zambirimbiri, mulu wonga chulu. Koma njerwa sizifolera nyumba.

Digiri ilinso chimodzimodzi. Maphunziro a zaka ziŵiri zoyamba ndi oyambira: kulemba, masamu, sayansi, mbiri yakale ndi ena otere. Amenewo ndiwo maziko ndi khoma. Maphunziro a chaka chachitatu ndi chachinayi ndi ozama, okhudza ntchito imene munthu wasankha. Amenewo ndiwo denga. Koleji ya zaka ziŵiri kaŵirikaŵiri imaphunzitsa oyambira okha. Ku California State University, digiri ya Bachelor of Arts imafuna makirediti a maphunziro ozama osachepera 40. Pamwamba pa izi, makirediti osachepera 30 ayenera kupezedwa pa yunivesite yomweyo imene idzapereke digiri. Iwo amati, dzina lathu lidzalembedwa pa pepalalo, ndiye tiyenera kumphunzitsako tokha munthuyo.

Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yomveka. Koma tisabise, palinso nkhani ya ndalama. Kirediti iliyonse imene yunivesite yakana, wophunzira adzailipira kachiŵiri, ndipo adzalipira ku yunivesite komweko, pa mtengo wokwera.

Tiŵerengere za mtsikana wina

Tiyerekeze kuti pali mtsikana amene amakhala ku California. Ndi wakhama. Masana amagwira ntchito yosamala okalamba, madzulo amapita ku koleji. Phunziro lililonse limene lamsangalatsa amalemba. Mumtima akuti, "Kuno nkotchipa, ndikundikiretu ambiri." Patapita zaka zitatu ali ndi makirediti 84.

Iye akuŵerengera chonchi: 120 kuchotsa 84, kutsala 36. Lembani m'kope lanu. Pa makirediti 15 pa semesita, 36 angathe m'masemesita atatu, lachitatulo lopepuka.

Ayunivesite akuŵerengera mwina. Malire ndi 70. Choncho 120 kuchotsa 70, kutsala 50. Pa liŵiro lomwelo ndi masemesita anayi. Makirediti 14 aja atsala panja.

Adaŵalipira zingati? Pa makoleji a boma a ku California, munthu wokhazikika m'chigawocho amalipira madola 46 pa kirediti imodzi. Chulukitsani 14 ndi 46. Mupeza madola 644. Wochokera kunja kwa chigawocho amalipira kangapo kuposa pamenepo. Koma chopweteka kwambiri si madola 644 ayi. Ndi nthaŵi. Makirediti 14 ndi pafupifupi semesita yathunthu. Ndi miyezi inayi ya kugona mochedwa, ya lendi, ya basi, ya mabuku. Ndipo semesita yoonjezera ija ku yunivesite ili ndi fizi yakeyake.

Pano pali kanthu kamodzi kotonthoza, ndipo ambiri sakadziŵa. Ku California maphunziro opitirira malire aja satayidwa ngati zinyalala. Tinene kuti yunivesite imafuna kuti aliyense akhoze phunziro lina la masamu, ndipo mtsikana uja adalikhoza kale. Sadzamuuza kuti abwereze. Adzalemba kuti phunzirolo adathana nalo. Chokhacho nchakuti nambala yake siikwera kupitirira 70. Ayenerabe kupeza 50 ena. Mvetsani bwino pamenepa: phunziro laloledwa, koma nambala yaima.

Sefa imabwera malire asanafike

Ophunzira ambiri safika nkomwe pa malire aja. Makirediti ao amathera pa sefa.

Oyamba kugwa ndi a maphunziro okonzekera. Munthu amene Chingerezi kapena masamu ake ndi ofooka amayamba waloŵa makalasi omukonza. Makalasi amenewo ndi othandiza, ndipo kuŵaloŵa si chinthu chochititsa manyazi. Inu nomwe mukudziŵa kuti kuyamba pansi si kupusa. Koma ayunivesite kaŵirikaŵiri saŵaŵerengera pa digiri. Ena ogwa ndi amene munthu adakhoza movutikira. Kumeneko amapereka malemba A, B, C, D ndi F. Mayunivesite ambiri amafuna C kapena kuposa. Maphunziro ambiri a ntchito za manja, monga kukonza galimoto, nawonso saloŵa mu digiri, ngakhale amadyetsa munthu bwino lomwe. Ndipo ngati koleji yake ili yosavomerezeka ndi mabungwe oyendera sukulu, makirediti onse akhoza kukanidwa.

Tsopano tafika pa msampha weniweni. Kirediti ikhoza kulandiridwa koma osagwira ntchito. Zimatheka bwanji?

Bwererani ku nyumba ija. Mmisiri wakuuzani kuti nyumba ifuna zitseko 4 ndi mazenera 6. Inu mwabwera ndi zitseko 10, zenera ngakhale limodzi mulibe. Katundu ndi 10 ndithu. Mmisiri walandira zonse, waika m'stolo. Koma adzapachika zitseko 4 zokha, ndipo mazenera 6 mukagulabe.

Digiri iliyonse ili ndi mndandanda wake wa maphunziro ofunika. Wofuna unamwino ayenera kukhoza maphunziro a thupi la munthu ndi a tizilombo toyambitsa matenda. Wofuna uinjiniya ayenera kukhoza masamu angapo otsatizana, ndipo sangadumphe, chifukwa achiŵiri amatsamira pa oyamba. Mnyamata akhoza kufika ndi makirediti 60, onse nkulandiridwa. Kalata nkunena kuti waloŵa chaka chachitatu. Kumudzi kuno nthungululu. Koma ngati ambiri mwa makirediti amenewo ali a mbiri yakale, a nyimbo ndi a zojambula, pamene iye akufuna uinjiniya, adzayamba masamu aja kuchokera pansi. Zaka ziŵiri zidzasanduka zitatu, mwina kuposa. Choncho funso lakuti "Alandira angati?" ndi losakwanira. Funso loyenera ndi lakuti, "Mwa amene alandirawo, ndi angati akuloŵa mu digiri imene ukufunayo?"

Vutoli ndi lalikulu. M'chaka cha 2017 ofesi ya boma la America yofufuza kayendetsedwe ka ndalama ndi ntchito za boma, yotchedwa Government Accountability Office, idatulutsa lipoti. Idayang'ana ophunzira amene adasamuka sukulu pakati pa 2004 ndi 2009. Idapeza kuti pa makirediti 100 aliwonse, pafupifupi 43 adatayika. Kwa osamuka pakati pa sukulu za boma zokhazokha adatayika 37. Kwa ochoka ku sukulu za anthu ochita malonda kupita ku za boma adatayika 94. Tangoganizani kukolola matumba 100 nkufika nawo kunyumba 6.

Zoti sukulu yolandira ndiyo imagamula si za lero, ndipo si za ku America kokha. Dr. H. Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, ku Tennessee, m'chaka cha 1937. Koma kuti agwire ntchitoyo m'maiko olamulidwa ndi Britain padafunika mapepala ena. Adapita ku Edinburgh, ndipo adaŵapeza mu 1941. Lero wophunzira wa ku koleji ya kuno akafuna kupitiriza ku America, mapepala ake amayamba ayesedwa, kaŵirikaŵiri ndi mabungwe monga World Education Services. Pambuyo pake yunivesite ndiyo imanena mau omaliza.

Milatho imene idamangidwa

Zigawo zina zidaona kuti ana ao akuvutika, ndipo zidakonza mapangano. Florida idayamba kale, mu 1971. Womaliza satifiketi ya Associate in Arts pa koleji ya boma kumeneko amalonjezedwa malo pa imodzi mwa mayunivesite a boma, pamodzi ndi makirediti ake 60. Ku Texas kuli mtolo wa maphunziro oyambira wa makirediti 42. Wokhoza mtolo wonsewo pa sukulu ina ya boma amapita nawo wathunthu ku inzake. California idakhazikitsa lamulo mu 2010 loyambitsa satifiketi yotchedwa Associate Degree for Transfer. Wophunzira amapeza 60 pa koleji, nalonjezedwa malo mu California State University, ndipo akapitiriza maphunziro ofanana ndi amene adayamba amamaliza ndi 60 ena.

Ŵerengani malonjezo ameneŵa mofatsa. Akulonjeza malo pa yunivesite ina ya boma, osati pa imene mwana waikonda. Ndiponso mlatho wa ku Florida ndi wa ku Florida. Mwana akasamukira ku Texas chifukwa azakhali ake ali kumeneko, pangano lija limatsala m'mbuyo. Akasintha maganizo pa ntchito imene akufuna, kuŵerengera kumayambanso.

Zofunsa mwana wanu

Mwina mukuti, "Ine ndangophunzira kumene kuŵerenga, ndingamuuze chiyani mwana wa ku koleji?" Simufunika kudziŵa zonse. Mufunika kumufunsa mafunso abwino, ndipo muŵafunse m'chaka choyamba, osati chomaliza. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mufunseni kuti akufuna kukamaliza pa yunivesite iti, ndipo digiri yanji. Amene wadziŵa kumene akupita amasankha maphunziro moyang'ana kumeneko. Ngati sadasankhebe, ayambe ndi maphunziro amene amafunika pa digiri iliyonse, monga kulemba ndi masamu. Mufunseni malire a yunivesite imeneyo, 60 kodi, 66 kapena 70. Akamayandikira nambala imeneyo, nthaŵi yosamuka yakwana, ngakhale pa kolejipo pali pozoloŵera ndi potchipa.

Pa koleji iliyonse pali alangizi a ophunzira. Apite akaonane nawo semesita iliyonse asanalembetse maphunziro. Koma asalekere pomwepo. Afunsenso ku yunivesite kumene akupita, chifukwa ogamula ali kumeneko. Mapangano ambiri pakati pa makoleji ndi mayunivesite ndi olembedwa, ndipo amaonetsa kuti phunziro ili likufanana ndi lakuti. Ku California mapangano otere a sukulu za boma adasonkhanitsidwa pamalo amodzi pa intaneti otchedwa ASSIST. Zimene wauzidwa pakamwa apemphe kuti amlembere. Mlangizi akhoza kuchoka ntchito, koma kalata imakhala.

Asungenso pepala limene mphunzitsi amagaŵa tsiku loyamba, lofotokoza zimene aphunzire sabata ndi sabata ndi mabuku ake. Amalitchula kuti syllabus. Ophunzira ambiri amalitaya mayeso akatha. Koma yunivesite ikakana phunziro lina, wophunzira akhoza kupempha kuti aonenso, ndipo umboni wake ndi pepala limeneli. Inu mumasunga khadi la ku sikelo ndi malisiti a feteleza m'kachikwama. Muuzeni achite chimodzimodzi.

Mafunso ndi ntchito

1. Phunziro limodzi limapereka makirediti 3. Wophunzira wakhoza maphunziro 22. Ali ndi makirediti angati? Ku Texas, kodi wapitirira 66?

2. Mnyamata ali ndi makirediti 78. Mwa ameneŵa, 12 ndi a makalasi okonzekera ndipo 6 ndi a kukonza galimoto. Yunivesite yakana onseŵa. Atsala angati? Kodi afika pa malire a 70? Kuti akwane 120 asoŵa angati?

3. Mtsikana ali ndi makirediti 75 a quarter. Ndi angati pa muyeso wa semesita?

4. Fotokozerani mnzanu ndi mau anuanu kusiyana kwa kirediti imene yalandiridwa ndi imene yaloŵa mu digiri.

5. Lembani kalata yaifupi kwa mwana kapena mbale amene wangoyamba kumene pa koleji ya zaka ziŵiri. Muikemo mafunso atatu. Mubwere nayo kalatayo tsiku limene gulu lanu lidzakumanenso, ndipo mudzaiŵerenge mokweza.